Physio wobwera kunyumba pambuyo pa sitiroko, mmene ndaonera ine

Anthu ambiri mwakhala mukundifunsa za anyamata a physio, aja othandiza thupi la wodwala kuyambiranso kugwira ntchito pomuchititsa ma exercise, amene amabwera kunyumba kudzathandiza amayi anga chiwagwereni sitiroko, ndiye ndati bola ndilembe kamodzi pano aliyense awerenge. Ndi kagulu kakang'ono kuno ku Blantyre, dzina sindilemba poyera, wofuna andipeze ku inbox. Ndalama zathu sizinalowe m'madzi, koma pali zina zoti mudziwiretu musanawaitane.

Amayi anafa mbali ya kumanja, dzanja ndi mwendo womwe, gwero lake BP. Chimene chinandigwira mtima tsiku loyamba, mnyamatayo sanathamangire wodwala ayi, anayamba wayeza BP kenako nkutiitana tonse a pakhomo mpaka mtsikana wantchito, amvekere kuyambira lero chilichonse chimene amayi angathe kuchita okha muwasiye achite, olo zitenge ola lathunthu. Mukudziwa kwathu kuno wodwala timamuchitira zonse, kumumwetsa phala, kumuveka, kumunyamula, ndi chikondi inde koma iye anatifotokozera kuti thupi likangogona minofu imaphwa, mfundo zimauma, dzanja limapindika osatambasukanso, ndiye pamabweranso zilonda za pamsana, nchifukwa chake amene sangathe kudzitembenuza ayenera kutembenuzidwa maola 2 aliwonse. Anatinso ubongo umaphunzira mwatsopano munthu akamabwereza chinthu chomwecho kambirimbiri, ndipo miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira ndi imene kusintha kumathamanga kwambiri, ndiye si nthawi yoti tidikire kaye apeze mphamvu. Mphamvuzo zimabwera ndi kuyesako.

Ma exercise ake si zapatali. Mpando wolimba wa pa tebulo, mapazi kuwabweza m'mbuyo pang'ono, kuwerama kutsogolo, kenako kuimirira ndi kukhalanso. Iye amaima mbali yofookayo bondo lake litatsamira bondo la amayi kuti lisagwe, nkumati "tiyeni amayi, dzukani nokha, ine ndili pompano sindikusiyani." Pabedi amawauza apinde mawondo akweze chiuno. Za dzanja ndiye anangopempha lichero la nyemba ndi kapu, azitola imodziimodzi ndi dzanja lodwalalo. Poyamba zala zinkangokwawa pamwamba pa nyembazo osagwira kanthu, amayi thukuta kamukamu, misozi ili mbwembwembwe, ine mtima kuwawa kufuna kuwalanda licherolo, koma iye anangodekha nkuwagwirizira chigongono mpaka nyemba imodzi inagwera m'kapu. Kuleza mtima kumeneko ndi kumene ndikuwapatsira ulemu anyamatawa, samakalipa komanso samanyengerera wodwala kuti basi pumani zikakhala kuti angathe.

China chimene anatichenjeza, ndipo chonde amene mukudwazika mumve, osamukoka wodwala dzanja lofookalo pomudzutsa, phewa limaguluka mosavuta ndipo ululu wake umabwezera zonse m'mbuyo. Akakhala pansi dzanjalo lizitsamira pa pilo, lisamangolendewera. Komanso kusisita ndi mafuta kokha, kumene achibale ambiri amalimbikira, sikungamuyendetse munthu.

Tsopano zosakoma. Nthawi sasunga, amayendera minibasi ndi kabaza ndiye akati 9 koloko mutha kuwaona cha m'ma 11 wodwala atatopa kale ndi kudikira, ndipo munthu wa sitiroko akatopa palibe chimene mungapange naye. Nthawi zina amabwera wina osati amene munazolowerana naye, amayi zimenezo zinkawasowetsa mtendere. Ma exercise samakulemberani pokhapokha muumirire, ife tinkangojambula pa foni kuti tizibwereza masiku amene sabwera, chifukwa ntchito yaikulu imatsalira inu apakhomo. Mtengo nawo ndi wowawa, amalipiritsa ulendo uliwonse ndipo pakutha pa mwezi thumba limamva. Ndiye pali nkhani ya kulankhula, sitiroko ikafoola mbali ya kumanja ya thupi nthawi zambiri imasokonezanso mawu, amayi amadziwa chimene akufuna kunena koma liwu osatuluka, ndipo anyamatawa ananena chilungamo kuti imeneyo si mbali yawo, pamafunika wa speech therapy, amene amathandiza munthu kuyambiranso kulankhula.

Ngati thumba silikulola musangokhala, ku Queens kuli dipatimenti ya physio, ku Kamuzu Central ku Lilongwe chimodzimodzi, ndipo pafupi ndi Queens pomwepo pali Kachere Rehabilitation Centre, kumene kuli zipangizo zoposa zimene munthu angabwere nazo m'chikwama. Mukasankha wobwera kunyumba mufunseni ngati analembetsa ku Medical Council of Malawi, masiku ano aliyense wodziwa kusisita akudzitcha physio. Ndipo adokotala amene akuona wodwala wanu avomereze kaye, mankhwala a BP osasiya ngakhale munthu atayamba kuyenda.

Pano amayi akuyenda ndi ndodo kuchoka kuchipinda mpaka pa geti, kubafa akupita okha, dzanja likadali m'mbuyo ndithu koma kapu ya tiyi akugwira. Anyamatawa tawachepetsera maulendo chifukwa cha ndalama, koma sitinawasiye, ndipo wina atandifunsa ndingamuuze awaitane sabata yomweyo imene wodwala watuluka m'chipatala.