Maufumu a matimu a kompyuta mu Football GM: zimene zimaoneka ligi ikakalamba

Football GM ndi gemu yaulere ya pa brawuza imene Jeremy Scheff, yemwe anapanganso Basketball GM, anatulutsa mu 2019. Mmenemu simuponya mpira nokha. Ndinu bwana wa timu ya mpira wa ku America: mumasankha achinyamata pa draft (chisankho cha osewera atsopano cha chaka ndi chaka), mumasainitsa makontirakiti, mumasinthanitsa osewera ndi kugawa bajeti. Masabata oyambirira munthu maso amakhala pa timu yake basi. Koma pakatha miyezi, ligi itafika sizoni ya 30 kapena 40, osewera onse amene munayamba nawo atapuma, chidwi chimasamukira kwa anzanu 31 amene kompyuta ikuwayendetsa. Kodi pakati pawo pangatuluke timu yolamulira ligi zaka zambiri, chimene okonda gemuyi amachitcha dynasty (tinene kuti ufumu), kapena chikho chimangogwera aliyense ngati maere?

Ufumu umatuluka ndithu. Koma kompyuta siiumanga mwadala. Umayamba tsiku limene timu yapeza quarterback (woponya mpira amene amatsogolera timu pabwalo) wapamwamba, ndipo umatha iyeyo akakalamba kapena akachoka. Zina zonse zimangoutalikitsa kapena kuufupikitsa.

Chifukwa chake chili m'manambala amene ligi yatsopano imabwera nawo. Malire a ndalama zolipira osewera, salary cap, ndi $200 miliyoni pa timu, ndipo ndi malire ouma: simungawadutse kuti musunge wosewera wanu, kupatula kulemba anthu a malipiro otsikitsitsa a $500,000. Pamwamba palinso denga: palibe wosewera angalandire kuposa $30 miliyoni pa sizoni. Dengali ndi limene ambiri saliganizira. Quarterback woposa onse mu ligi amadya 15 peresenti yokha ya cap, chimodzimodzi wosewera wina aliyense amene wafika padengapo, pomwe phindu lake pabwalo ndi lalikulu kwambiri kuposa la wina aliyense. Ku NFL, ligi yeniyeni ya mpirawu ku America, kulibe denga lotere. Mu 2024 quarterback Dak Prescott anasaina ndi Dallas Cowboys kontirakiti ya $60 miliyoni pachaka pamene cap inali $255.4 miliyoni, kutanthauza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi mukawerengera mwachidule. Choncho mu Football GM timu imene ili ndi katswiri pamalo amenewa imamugula motchipa chaka ndi chaka, n'kutsala ndi $170 miliyoni yodzazira malo ena onse. Ngakhale kompyuta italakwitsa pena ndi pena, mpata wolakwitsawo ulipo wokwanira.

Chachiwiri ndi ukalamba. Liwiro, limene pa khadi la wosewera limalembedwa spd, ndi limene limayamba kugwa munthu akamayandikira zaka 30. Running back (wothamanga ndi mpira) ndi wide receiver (wolandira mpira woponyedwa) amadalira liwiro, ndiye amafota msanga. Quarterback amadalira kwambiri kuona bwalo ndi kuponya molunjika, thv ndi tha, ndipo zimenezi zimatsika pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mukatsegula mbiri ya timu imene yakhala pamwamba zaka khumi, mupeza mayina a othamanga ndi olandira mpira asintha kawiri kapena katatu, koma dzina la woponya ndi lomwe lija.

Pali chinthu chachitatu chimene chimagwira ntchito mwakachetechete. Wosewera aliyense ali ndi zimene mtima wake umakonda: kutchuka, kukhulupirika ku timu, ndalama, kapena kupambana. Kontirakiti ikatha angathe kukana kusainanso, ndipo lamuloli limakhudza matimu a kompyuta monga limakhudzira inu. Timu imene ikupambana imakondweretsa osewera ake, makamaka okonda kupambana, ndiye amavomera kukhala. Timu yogonjagonja imataya ngakhale amene ikanatha kuwalipira. Wolemera amangolemererabe. Onjezani kuti bajeti ya matimu a kompyuta ya makochi, zachipatala, malo ochitira masewera ndi ofufuza achinyamata imatsatira kukula kwa mzinda. Kusiyana kwake si kwakukulu pa sizoni imodzi, koma bajeti ya makochi imakhudza kakulidwe ka achinyamata, ndipo pa zaka 40 kakusiyana kakang'ono kamaunjikana.

Muyese ufumu ndi chiyani

Apa ndi pamene ambiri amaiweruza molakwa gemuyi. Amatsegula mndandanda wa akatswiri, n'kuona kuti palibe timu yatenga chikho katatu motsatizana, n'kunena kuti kompyuta siitha kumanga kanthu. Koma werengerani nokha. Sizoni ili ndi masewero 17, matimu 14 amalowa m'ndime yachipulula, ndipo mmenemo mukagonja kamodzi mwatuluka. Tiyerekeze timu yamphamvu kwambiri, yoti pa masewero aliwonse a m'ndimeyi ili ndi mwayi 70 pa 100 wopambana. Ikakhala yoyamba m'chigawo chake n'kupumula ndime yoyamba, iyenera kupambana katatu: mwayi wotenga chikho ndi pafupifupi 34 pa 100. Ikapanda kupumula, masewero ndi anayi, mwayi watsika kufika 24 pa 100. Kutenga katatu motsatizana, ngakhale ikupumula chaka chilichonse, ndi pafupifupi 4 pa 100. Si kufooka kwa kompyuta kumeneku, ndi mmene mpirawu ulili. Ku NFL komwe palibe timu inatengapo Super Bowl, chikho cha ligiyo, katatu motsatizana. Kansas City Chiefs anatenga ya sizoni ya 2022 ndi ya 2023, n'kugonja pa fainolo yotsatira kwa Philadelphia Eagles.

Ndipo New England Patriots a quarterback Tom Brady ndi kochi Bill Belichick, amene aliyense amawatchula akamanena za ufumu, anatenga zikho 6 pakati pa sizoni ya 2001 ndi ya 2018, koma kuchokera pa cha 2004 anadikira mpaka cha 2014 kuti atengenso. Chimene sichinasinthe n'chakuti ankapambana gulu lawo la AFC East pafupifupi chaka chilichonse, ka 11 motsatizana kuyambira 2009 mpaka 2019. Muyezo woyenera ndi umenewo. Pa tsamba la Team Records onani timu imene yalowa kwambiri m'ndime yachipulula ndi kufika pa fainolo, kenako tsegulani mbiri yake muone zaka zimene zinatsatizana. Mukayeza motero, maufumu a kompyuta amaoneka bwinobwino, ndipo amafanana ndi enieni kuposa mmene ambiri amaganizira.

Pamene gemuyi imaperewera

Chodandaulitsa chenicheni n'chakuti kompyuta siiona patali. Imayeza wosewera aliyense ndi mtengo wake lero, n'kuonanso malo amene akusowa munthu, koma siikhala pansi kuganiza kuti makontirakiti asanu akuluakulu adzatha chaka chimodzi. Chakacho chikafika, ndalama zimathera pa oyamba kusainidwa, otsalawo amapita kumsika waulere, ndipo timu imene inali ndi otchinga abwino kutsogolo kwa quarterback imayamba sizoni ndi anthu a malipiro otsikitsitsa. Mu March 2022 a Chiefs anagulitsa wide receiver wawo Tyreek Hill ku Miami Dolphins posinthana ndi mapiki asanu (piki ndi mpata umodzi wosankha wosewera pa draft) m'malo momulipira ndalama zambiri, ndipo anatenga zikho ziwiri zotsatira. Kugulitsa munthu akadali pachimake kuti timu ikhalitse, mwadala chotero, simudzakuona kwa kompyuta. Matimu ake amasinthanitsana osewera, inde, koma kusinthanako kumangochitika pamene mbali zonse zaona kuti mtengo wakwana, osati potsata pulani.

Kompyuta siikonzekeranso wolowa m'malo mwa quarterback. Pa draft, yomwe mu gemuyi ili ndi maraundi 8 pomwe ya NFL ili ndi 7, kompyuta imakonda munthu amene akweze mphamvu ya timu, ndipo quarterback wachiwiri wokhala pabenchi sakweza kanthu lero. Zotsatira zake, mwini ufumu akapuma, timu nthawi zambiri imagwa molimba m'malo motsika pang'onopang'ono. Zimene anachita a Green Bay Packers, kutenga quarterback Aaron Rodgers mu 2005 quarterback wawo Brett Favre akadalipo, n'kudzatenganso Jordan Love mu 2020 Rodgers akadalipo, kuno zikachitika ndiye kuti zangochitika mwamwayi.

Makontirakiti nawonso ndi osavuta mopitirira: ndalama zofanana chaka chilichonse, palibe bonasi yosainira imene mungaimwaze pa zaka zingapo, palibe kukonzanso kontirakiti kuti mupeze mpata. Mukachotsa munthu, malipiro ake mumalipirabe. Zimenezi zimathandiza kuti kompyuta isadzimangirire ndi ngongole zovuta, koma zimachotsanso zida zimene matimu enieni amatalikitsira ufumu. Makochi nawo si anthu a mayina, ndi mlingo wa bajeti chabe, choncho ufumu ulibe nkhope ina koma ya quarterback. Pakatha miyezi, kusowa kumeneku kumamveka kuposa kwina kulikonse, chifukwa nkhani ya ufumu uliwonse imayamba kufanana ndi ya unzake.

Dziwaninso kuti kukweza Difficulty kufika pa Hard kapena Insane sikuwonjezera nzeru za matimu a kompyuta. Kumangolimbitsa zinthu kumbali yanu: osewera amavuta kusaina, matimu amaumira pa kusinthana, ndalama zimachepa. Pakati pa matimu a kompyuta okhaokha zinthu zimakhala momwe zinalili.

Ngati timu ya ufumu ili m'gulu lanu, musathamangire kugula akuluakulu kuti mulimbane nayo chaka chomwecho. Tsegulani tsamba lake la Finances, muone chaka chimene makontirakiti ake akuluakulu akutha, ndipo konzani kuti chaka chimenecho mudzakhale ndi mpata pansi pa cap. Amene iwo adzalephere kuwasunga mudzawatola ndinu. Pa draft ikani patsogolo othamangitsa quarterback ndi otchinga mipira ya m'mwamba, prs ndi pcv, chifukwa mukumana ndi woponyayo kawiri pa sizoni. Palinso njira ina imene aliyense wosewera nthawi yaitali amaitulukira: pa tsamba losinthanira osewera, timu iliyonse imalembedwa kuti ndi contending (yolimbirana chikho) kapena rebuilding (yomanganso). Timu ya contending siumira kwambiri pa mapiki, ndipo poyeza piki ya zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazo kompyuta imayambira pa mphamvu ya timuyo lero. Mukagula mapiki a raundi yoyamba a timu imene quarterback wake wadutsa zaka 33, mungathe kuwapeza motchipa, koma podzafika nthawiyo angathe kukhala a kumayambiriro. Njirayi imagwira ntchito kwambiri moti imapha kukoma kwa ligi. Ndi bwino kudziikira lamulo loigwiritsa ntchito kamodzi pa zaka zingapo, kapena kuisiyiratu.

Kusintha makonzedwe

Ubwino waukulu wa Football GM pankhaniyi ndi wakuti mungathe kuyesa zonsezi nokha, osadikira miyezi. Pangani ligi ina yoyeserera, pitani pa Tools, sankhani Auto Play, ndipo isiyeni iyende masizoni 50, kompyuta ikuyendetsa matimu onse kuphatikizapo yanu. Sinthani chinthu chimodzi chokha pa ulendo uliwonse, ndipo bwerezani kawiri kapena katatu musanagamule, popeza quarterback mmodzi wodabwitsa angasokoneze zotsatira za ligi yonse.

Chimene chimasintha kwambiri ndi denga la kontirakiti. Mukalikweza kufika pa $45 kapena $50 miliyoni cap ikadali pa $200 miliyoni, akatswiri amayamba kudula, ndipo timu imene ili nawo angapo imapanikizika msanga. Mukafuna zosiyana, maufumu aatali onga a Pittsburgh Steelers amene anatenga zikho zinayi pakati pa sizoni ya 1974 ndi ya 1979, NFL isanakhazikitse cap mu 1994, sinthani cap ikhale yofewa kuti timu izitha kudutsa malire posunga anthu ake, kapena zimitsani ufulu wa osewera wokana kusaina. Kuchita zonse ziwiri pamodzi n'kupitirira muyezo: msika waulere umauma, ndipo matimu apansi amatsala ndi draft yokha yodzukira. Kufananitsa kuchuluka kwa anthu m'mizinda kumachotsa kamwayi ka bajeti kaja. Kutsitsa mlingo wa kuvulala kumathandiza matimu amphamvu, chifukwa kuvulala kwa quarterback ndi njira imodzi yaikulu imene sizoni ya timu yabwino imaonongekera. Draft isiyeni mmene ilili, wotsiriza azisankha poyamba. Mukaisandutsa ya maere, timu yotenga chikho ingatole piki yapamwamba, ndipo ufumu wotuluka pamenepo sukhala ndi chifukwa chomveka.

Zosinthazi ndi bwino kuzichita popanga ligi. Zambiri mwa izo, ligi ikayamba kale, zimafuna God Mode (mphamvu yosintha chilichonse mu ligi), imene imatseka mwayi wopeza ma achievement, mphotho za mu gemuyi, mu ligi imeneyo.

Kwa amene akufuna ligi yokhala ndi mbiri, makonzedwe obwera ndi gemuyi ndi okwanira, ndipo kusintha kumodzi kumene kuli koyenera kuyesa ndi kukweza dengalo pang'ono, kufika cha pa $40 miliyoni. Kwa amene akufuna mdani woganiza, wokonza za mawa, wotha kukudzidzimutsani pa msika, gemuyi sinafike pamenepo.

Chomaliza ndi cha kasungidwe. Ligi imasungidwa mu brawuza ya foni kapena kompyuta yanu, osati pa intaneti. Mukafufuta deta ya brawuza pofuna kupeza malo, masizoni 60 a mbiri amapita nayo limodzi. Pa Tools pali Export League: tulutsani fayilo pakatha masizoni asanu kapena khumi aliwonse, muisunge kwina. Ligi ikayamba kulemera ndi kuchedwa, gwiritsani ntchito Delete Old Data, koma chongani ma box score (ziwerengero za masewero aliwonse paokha) akale okha. Mukachonga mbiri ya matimu kapena ziwerengero za osewera opuma, mwafufuta masamba amene mumaonerapo kuti ufumu unayamba liti ndiponso unali wa yani.