Maphunziro a Chilatini a pa WhatsApp: nyenyezi 4 mwa 5

Ndayimba mu kwaya ya kuparishi kwathu zaka zoposa 15, ndipo nthawi yonseyi nyimbo za Chilatini ndinkangoziloweza pamtima osadziwa tanthauzo lake. Zinkandipweteka, n'chifukwa chake ndinalembetsa maphunziro awa a miyezi itatu. Ndamaliza sabata yatha.

Phunziro loyamba lokha linandikhutitsa kuti ndalama zanga sizinalowe m'madzi. Aphunzitsi anayambira pa dzina la chilankhulochi. Ine ndinkayesa kuti Chilatini chinayamba ndi ansembe. Ayi ndithu. Dzinali linachokera ku Latium, kachigawo ka pakati pa Italy komwe kumadutsa mtsinje wa Tiber, komwe lero kumatchedwa Lazio. Eni dera ankatchedwa Latini, ndipo Rome unali umodzi chabe mwa mizinda yawo, mpaka unagonjetsa inzakeyo mu 338 Yesu asanabadwe. Ndiye monga Chichewa chilili cha Achewa, Chilatini chinali cha Alatini, anthu olima ndi kuweta ziweto. Mpingo unachipeza chilipo kale. Anafotokozanso kuti Latin America inatenga dzinali poti Chisipanishi ndi Chipwitikizi ndi ana a Chilatini, komanso kuti zilembo ndikulembera ndemanga inozi n'za Chilatini.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi tsiku lomwe anatifunsa kuti mawu oti vinyo anachokera kuti. Tonse pagulu tinangoti zii. Anatilondolera kuchokera ku vinum, kudzera ku vinho wa Apwitikizi, kufika pakamwa pathu. Chimodzimodzi kapitawo: Apwitikizi amati capitão, ndipo muzu wake ndi caput, kutanthauza mutu. Agogo anga aamuna anali kapitawo pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo usiku umenewo ndinaimbira amayi foni kuti ndiwauze zimenezi.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa nkhani ya katchulidwe. Aphunzitsiwa amatsata katchulidwe ka Aroma akale, komwe c nthawi zonse amamveka ngati k, ndipo v amamveka ngati w. Kutchalitchi timatsata katchulidwe ka ku Italy: caeli timati "cheli", iwo amati "kaili". Sanatiuze poyamba kuti njira zilipo ziwiri. Ndinapita kokonzekera nyimbo za Pasaka n'kuyamba kukonza anzanga, mpaka bambo mfumu anandiitanira pambali n'kundifotokozera mofatsa. Nditawadandaulira aphunzitsi, anapepesa n'kunditumizira mawu ojambulidwa a katchulidwe ka Mpingo, koma apo n'kuti tili m'mwezi wachiwiri.

Mauthenga awo a mawu ndi ataliatali, amadya bandulo, koma ntchito amachonga tsiku lomwelo ndipo funso lililonse amayankha moleza mtima.

Anzanga a m'makwaya, lembetsani ndithu, koma musanalipire auzeni kuti mukufuna katchulidwe ka kutchalitchi. Ine ndalembetsa kale gawo lachiwiri.