Benchi la agogo pa kiliniki za Harare: kodi Friendship Bench imathandizadi?

Pa kiliniki zambiri za khonsolo ya Harare pali benchi lathabwa chakumbali kwa bwalo, nthawi zambiri pamthunzi, ndipo pamakhala mayi wachikulire ali ndi kabuku m'manja. Imeneyo ndiye Friendship Bench, ntchito yomwe dokotala wa matenda a m'maganizo, Pulofesa Dixon Chibanda, anayambitsa ku Mbare, dera lina la mu Harare, mu 2006 pamodzi ndi agogo 14, anthu akadali ndi mabala a Murambatsvina wa 2005, pamene boma la Zimbabwe linagwetsa nyumba ndi misika ya anthu ambiri m'matauni. Palibe cholipira. Agogowo si madokotala, koma anaphunzitsidwa njira yothandizira munthu amene maganizo amuchulukira, ndipo ali ndi owayang'anira.

Chiweruzo changa ndi chakuti thandizoli ndi labwino, ndipo ambiri a ife timachedwa kulifuna. Koma muyenera kudziwa chimene mukupitira, chifukwa amene amayembekezera uphungu wa kwa ankhoswe amabwerako atakhumudwa.

Poyamba mumafunsidwa mafunso 14 otchedwa SSQ-14, onse okhudza sabata yangothayi: ngati mwakhala mukuganiza kwambiri, kusowa tulo, kulota zoopsa, kufuna kulira, kupweteka m'mimba, kutopa popanda chifukwa, ndi zina zotero. Yankho ndi inde kapena ayi basi. Pa kafukufuku wamkulu wa ntchitoyi, amene anayankha inde ka 9 kapena kupitirira ndiwo ankatengedwa kuti akufunika benchi. Apa ndi pamene zinthu zimayamba kulakwika. Abambo ambiri amayankha ayi pa funso la kulira ndi la kudziona wopanda pake poopa kuoneka ofooka, ndiye zotsatira zimatsika ndipo munthu amabwerera kunyumba ndi Panado wa mutu. Yankhani zoona, palibe amene akukuweruzani.

Kukumana kumakhala mpaka ka 6, kawirikawiri kamodzi pa sabata. Koyamba kumatenga pafupifupi ola lathunthu, kotsatira mphindi 30 mpaka 45. Tsiku loyambalo ndilo mtima wa zonse. Agogo amakusiyani kuti mukhuthule zonse, iwo akulemba. Tiyerekeze mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika: ali ndi ngongole ya katapila, lendi ya miyezi iwiri, mwana wathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, mwamuna sabweretsa kanthu, BP yakwera. Agogo amamuwerengera mndandandawo n'kumufunsa kuti, “Mwanawe, pa zonsezi tiyambe ndi chiti?” Mayiyo amasankha chimodzi chokha, ndipo chiyenera kukhala chimene manja ake angathe kuchigwira. Kusintha khalidwe la mwamuna sikuli m'manja mwake. Kukambirana ndi eni nyumba kuli m'manja mwake.

Kenako mayiyo amatchula njira zonse zomwe zingamubwerere m'mutu, ngakhale zooneka zopusa, n'kuyesa ubwino ndi kuipa kwa iliyonse. Pomaliza pamatuluka pulani yokhala ndi tsiku ndi nthawi: “Lachinayi madzulo ndikaonana ndi eni nyumba, ndikapempha kulipira theka sabata ino ndi theka pakutha pa mwezi.” Sabata yotsatira agogo amayamba ndi kufunsa ngati zinatheka. Ngati sizinatheke, amafufuza chimene chinatsekereza n'kuchepetsa pulaniyo mpaka ifike pamlingo wotheka.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti agogo sakuuzani chochita. Ife tinazolowera kuti wamkulu akamva nkhani amagamula, ndiye kusalangiza kwawo kumaoneka ngati kusasamala. Koma ndi dala. Munthu amene ali ndi matenda a nkhawa amaona mavuto ake onse ngati mtolo umodzi wosanyamulika, ndipo amaleka kuyesa. Akamasula kamtengo kamodzi yekha n'kuona kuti katheka, mphamvu yoganiza imabwerera, ndipo luso limenelo amapita nalo kunyumba. Malangizo a wina sachita zimenezo.

Umboni ulipo. Kafukufuku wofalitsidwa mu JAMA, magazini ya zachipatala ya ku America, mu 2016 anatsata anthu 573 pa kiliniki 24 za Harare. Patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi, pafupifupi 14 pa 100 aliwonse ndiwo anali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, pomwe mwa amene analandira chisamaliro cha nthawi zonse chowonjezeredwa pang'ono anali pafupifupi 50 pa 100.

Nanga muyambe liti? Chisoni cha masiku ochepa pambuyo pa maliro kapena ntchito ikatha si matenda. Koma ngati patha masabata awiri kapena kuposerapo mtima uli wolemera pafupifupi tsiku lililonse, zinthu zomwe zinkakusangalatsani sizikukomaninso, mukudzuka pakati pa usiku osagonanso, chakudya sichikulowa, kapena mwayamba kujomba kuntchito ndi kuthawa anthu, musadikire kuti zifike poipa. Chimodzimodzi ngati mwazungulira kuchipatala ndi mutu, chifuwa kapena msana koma akayeza sapeza kanthu. Amayi amene angobereka kumene, ndiponso amene angouzidwa kuti ali ndi HIV n'kuyamba kudumphitsa ma ARV, asazengereze konse.

Pali zina zimene benchi palokha silingathe, ndipo apa ndinene mosabisa. Amene akumva mawu kapena kuona zinthu zomwe ena sakuziona, amene akukonza zodzipha, amene watha masiku osagona akulankhula mosalekeza, kapena mnyamata amene mankhwala ozunguza bongo a mutoriro amusokoneza mutu, akufunika namwino kapena dokotala tsiku lomwelo. Agogo anaphunzitsidwa kutumiza anthu otere kwa akuluakulu awo, ndipo zipatala za boma zothandiza matendawa mu Harare ndi Annexe ya pa Parirenyatwa ndi mbali ya odwala maganizo pa Sally Mugabe, yomwe ambiri timaitchulabe kuti Gomo. Akakupatsani mankhwala monga fluoxetine kapena amitriptyline, dziwani kuti amatenga masabata angapo asanayambe kugwira ntchito. Ambiri amawasiya pa sabata yoyamba poganiza kuti ndi achabe. Ngati gwero la nkhawa ndi nkhanza za m'banja, kukambirana kokha sikukutetezani: pitani ku Musasa, bungwe lothandiza amayi ochitiridwa nkhanza, kapena ku Victim Friendly Unit ya polisi.

Zofooka zina ndi zazing'ono koma zenizeni. Benchi lili panja, ndipo m'madera athu aliyense amadziwa mnzake. Mawu anu samveka patali, koma nkhope imaoneka. Ngati zimenezi zikukuletsani, pitani ku kiliniki ya dera lina, kapena gwiritsani ntchito njira ya a Friendship Bench yokambirana pa WhatsApp. Komanso benchi silipereka ndalama kapena ufa. Akamaliza, ena amalowa m'magulu a Circle Kubatana Tose momwe amalimbikitsana ndi kuluka zikwama zogulitsa, koma musaganize kuti zikwamazo zithetsa ngongole ya katapila.

Kwa ife a ku Malawi pali nkhani ya chilankhulo. Zokambiranazo zimachitika kwambiri m'Chishona. Ana athu obadwira ku Mufakose kapena Highfield alibe nazo vuto, koma agogo athu amene anabwera kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, nkhani ya mumtima amaifotokoza bwino m'Chichewa. Funsani namwino ngati pali wina womva chilankhulo chathu. Ngati pakufunika womasulira, asakhale mpongozi kapena mwana wa m'nyumba momwemo, chifukwa nthawi zambiri vuto loyamba pa mndandanda limakhala la m'nyumbamo, ndipo wokalambayo sangalitchule pamaso pawo.