Kagalu kanga ndi matenda a mtima: dokotala ndi wabwino, vuto lili pakauntala

Mnzanga wina wa ku Randburg, ku Johannesburg, wandifunsa ngati n'koyenera kuti kagalu kake, komwe kakutsokomola usiku, apite nako kwa dokotala wamkulu wa ziweto kapena angopitiriza ndi wa pafupi. Funso lake landipeza ndili ndi bilu m'manja, ndiye mkwiyo ukamveka pena musadabwe.

Wanga ndi Mimi, kagalu ka mtundu wa Maltese kosakanizika ka zaka 11, yemwe anandisiyira agogo ena amene ndinkawagwirira ntchito pomwe ankasamukira kunyumba ya okalamba. Chaka chatha anayamba chifuwa chouma cha m'bandakucha, ndipo tikapita kokayenda ankangokhala pansi pakati pa njira. Dokotala wa pafupi atamvetsera pachifuwa anati mtima ukumveka phokoso lachilendo, komabe chifuwa cha agalu ang'onoang'ono chimachokeranso ku kholingo lofooka. Makina ojambulira mtima analibe, choncho anatilembera kalata yopita kwa dokotala wamkulu.

Za kuyeza kwenikweniko sindingadandaule. Anamumeta pang'ono m'mbali mwa chifuwa, kumugoneka chammbali, kupaka timafuta tozizira tija, osamugonetsa tulo n'komwe. Adokotala anatembenuzira sikirini kwa ine n'kundionetsa valavu (kachitseko ka magazi) ya kumanzere kwa mtima, yotchedwa mitral, itakhuthala moti siitseka bwino. Magazi ena amabwerera m'mbuyo mtima ukagunda, ndipo chipinda cha pamwamba chinali chitakula kale n'kumapanikiza njira ya mpweya. Akuti vutoli n'lofala kwa agalu ang'onoang'ono okalamba monga Maltese, Chihuahua, Dachshund ndi Cavalier King Charles. Sanandinamize kuti mapiritsi achiza. Anangoti Vetmedin, kawiri patsiku, ola limodzi asanadye, imathandiza mtima kupopa, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anapeza kuti kwa agalu omwe mtima wakula koma madzi sanalowe m'mapapo, imachedwetsa vutolo ndi miyezi pafupifupi 15.

Chomwe chandithandiza koposa n'chaulere. Anandiuza kuti Mimi akagona tulo tofa nato ndiziwerenga kapumidwe kake kwa masekondi 30 n'kuwirikiza kawiri, ndipo pamphindi kasapitirire ka 30. M'nyengo yozizira nambala ija inadutsa 40 usiku wotsatizana, galu akuoneka bwinobwino, akudya. Ekiseleyi inaonetsa madzi m'mapapo. Anawonjezera Lasix, mankhwala ochotsa madzi m'thupi, ndipo chiyambire pamenepo Mimi amamwa madzi ngati ng'ombe, usiku kumadzutsa anthu kuti akataye madzi panja. Lasix imalemetsa impso, ndiye magazi ayenera kuyezedwa pafupipafupi.

Apa ndi pomwe ndikusemphana ndi a pakauntala. Poyamba ankanditengera magaziwo pa mtengo wawo, osandiuza kuti dokotala wa pafupi amayeza zomwezo motsika kwambiri. Nditadziwa ndinakayezetsa kwathu konko, zotsatira n'kutumizidwa pa imelo. Tsiku lokaonana ndi adokotala, mtsikana wa pakauntala akuti, "Pepani mayi, sitikuziona m'kompyuta, tiyezanso." Ndinatulutsa foni, kumuonetsa imelo ndi tsiku lomwe inatumizidwa. Anayang'ana, kupita mkati, kubwera atazipeza, koma Mimi anali atamutenga kale magazi pakhosi ndipo bilu inali italembedwa. Kuti ndalamayo ichotsedwe zinatenga mafoni osawerengeka, aliyense akuti amene amasaina kulibe. Lipoti lawonso lopita kwa dokotala wa pafupi limachedwa nthawi zonse, moti ine ndiye ndasanduka mtengamakalata pakati pa madokotala awiri.

Mankhwala nawo ndi nkhani yomweyo. Vetmedin pakauntala pawo ndi yokwera kuposa kwina komwe ndafunsa. Ukapempha kalata yokagulira kwina amalemba, koma kalatayo ulipire, ndipo ikatha miyezi isanu ndi umodzi salembanso asanamuone galu. Zomuona galuzo ndikuzimvetsa, mankhwala a mtima si panado. Chomwe chandikwiyitsa lero n'chakuti ndinaimba foni kufunsa ngati ndingasunthe nthawi ya piritsi la madzulo, adokotala anayankha mawu ochepa chabe, ndipo pabilu aikapo mtengo wa kuonana ndi dokotala pafoni. Palibe anandichenjeza. Inshuwalansi ya ziweto musaiganizire galu atadwala kale, matenda opezeka kale salipira.

Mukadandifunsa m'mawa uno, Mimi akuthamangitsa nkhunda pabwalo, ndikadati pitani osayang'ana m'mbuyo. Madzulo ano ndikuti pitani ndithu, chifukwa popanda kujambula mtima mudzangomwetsa galu mankhwala a chifuwa mongoyerekeza, koma pitani ndi cholembera. Funsani mtengo wa chilichonse asanamugwire galu, awulembe papepala, ndipo pepala la zotsatira zilizonse muzinyamula nokha m'chikwama. Mnzangayo ndamuuza zomwezi. Ine ndatsala nawo pa zojambula mtima zokha. Magazi, sikelo ndi mankhwala ndabwerera kwa dokotala wa pafupi. Ndalama ya pafoni ija sindinalipire, ndawalembera kuti andionetse pomwe ndinavomera, ndipo mpaka pano sanayankhe.