The Last Fishing Boat kapena The Road to Sunrise: muyambe ndi iti?

M'nyumba zoonetsa mafilimu ku Ndirande ndi ku Bangwe mumadzaza za karate zomasuliridwa m'Chichewa, choncho ambiri anaphonya mafilimu awiriwa a Shemu Joyah, wopanga mafilimu wa ku Malawi.

The Last Fishing Boat ya 2012 imayenda pang'onopang'ono. Msodzi Yusufu wa ku Mangochi akuona nsomba zikutha m'nyanja, mwana wake wayamba kuperekeza azungu odzaona malo, ndipo mzungu wina waika maso pa mkazi wake wamng'ono, Abiti Anefa. Mphamvu yake ili m'nkhope za anthu ndi m'nyimbo, zomwe zinapata mphoto pa mpikisano wa mafilimu a mu Africa wa AMAA mu 2013. Mukaionera pafoni popanda mahedifoni mutaya theka lake, ndipo ndi chifukwa chake ena amati njogonetsa. Lumikizani sipika, zimitsani nyale, musamayankhe WhatsApp.

The Road to Sunrise ya 2017 ndi ya muno mu Blantyre, ndipo imaluma msanga. Rubia, mayi woyendayenda, wapha munthu wachuma amene anamugwirira, mlandu n'kukafika kukhoti. Inapambana ngati filimu yabwino koposa ya kummwera kwa Africa pa mpikisano wa mafilimu a mu Africa wa AMVCA mu 2018. Iyi si yoonera ndi ana pabalaza, ngakhale ndi apongozi mudzasowa poyang'ana. Mbali za kukhoti zili ndi zoyankhula zambiri, choncho phokoso la jenereta likhoza kukusokonezani.

Wosazolowera mafilimu odekha ayambe ndi ya Rubia. Ya Yusufu isungireni Lamlungu madzulo, laputopu mutaitchajiratu.