Ndemanga: ulendo wa gulu wochokera ku Nsanje kupita ku Quelimane ndi kugombe la Zalala

Ulendowu amaukonza ndi mkulu wina wa pa Nsanje Boma, ndipo amaitanira a geni ndi mabanja ofuna kukagula katundu ku Mozambique n'kukaonako nyanja yamchere. Ife olemba ndemangayi timachita geni ya zitenje ndi zakudya ku Bangula, kwa Tengani ndi pa Boma pomwepa, ndipo njira imeneyi timaidziwa. Tikuupatsa nyenyezi zitatu ndi theka mwa zisanu. Mayendedwe ndi za pachipata anazikonza bwino ndithu. Pamene palakwika ndi pa kagawidwe ka masiku, chifukwa tsiku logula analiika osaganizira nthawi yotsekera masitolo, ndipo tsiku la kunyanja analiika osaganizira kayendedwe ka madzi.

Ndalama imene mumapereka ndi ya magalimoto onse popita ndi pobwera, malo ogona, komanso wotsogolera wodziwa Chisena ndi Chipwitikizi. Chakudya, msonkho ndi ndalama yonyamulitsira katundu amene mwagula, zonsezo n'za m'thumba mwanu. Amanena zimenezi poyera musanalipire, ndipo apa tawayamikira.

Kuchoka pa Boma kufika pachipata cha malire cha Marka sipakwana makilomita 30. Mukadinditsa mbali ya kwathu mumalowa pa Vila Nova da Fronteira. Tengani pasipoti yeniyeni, osati bodapasi, chifukwa kapepala kameneko n'koyendera madera a pafupi ndi malire, sikangakufikitseni ku Quelimane. Amalawi salipira viza akamapita kukacheza kwa masiku ochepa, koma mukalandira pasipoti yanu musangoiponya m'chikwama. Tsegulani pomwepo muone ngati chidindo chaoneka bwino komanso tsiku limene alemba. Chidindo chosawerengeka chimadzakuvutitsani kutsogolo, apolisi a pamsewu akaimitsa galimoto. Wotsogolera wathu amaona pasipoti ya munthu aliyense gulu lisanachoke pachipata, ndipo amalimbikitsa kuti aliyense akhale ndi fotokope ziwiri, imodzi m'thumba, ina m'chikwama.

Kwacha imathera mphamvu chakumalire konkuno. Ku Mutarara ena amailandirabe, koma mukawoloka Zambezi mufunika ndalama ya ku Mozambique, metical, basi. Posintha, werengani nokha ndalama zili m'manja mwanu, ndipo pemphani kuti zambiri zikhale za 20, 50 ndi 100. Wa kabaza kapena mayi wogulitsa kokonati sangakupezereni chenji cha 1000 m'mawa. Layini ya Movitel ndi imene imagwira bwino m'midzi ya m'njiramu, ndipo ambiri kuno kuchigwa ali nayo kale.

Malo ofunika kuwamvetsa musanagule kanthu kalikonse ndi mlatho wa Dona Ana, wolumikiza Mutarara ndi Sena. Mlathowu ndi wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, unamangidwa m'zaka za m'ma 1930, ndipo panopa ndi wa sitima. Galimoto siidutsa. M'mbali mwake muli kanjira ka oyenda pansi ndi a njinga, choncho galimoto yochokera pa Vila Nova imakusiyani tsidya lino, ndipo ina imakudikirirani ku Sena. Popita sipakhala vuto, munthu amakhala ndi kachikwama kamodzi. Pobwera m'pamene pamaoneka amene anagula mwanzeru. Thumba lililonse la makilogalamu 50 limafuna njinga yakeyake, ndipo mwini njingayo nthawi zambiri sapalasa, amangokankha, thukuta lili kamukamu, kwinaku akupatukirana ndi njinga zina m'kanjira kopapatiza. Amene wagula matumba asanu a mpunga alipira njinga zisanu, alipiranso otsitsa ndi okweza mbali zonse ziwiri, ndipo phindu limene amaliwerengera ku Quelimane limatsalira pamlathopo. Gwirizanani mtengo katundu asanamangidwe panjinga. Lembani dzina lanu pathumba lililonse ndi inki yosafufutika, ndipo mmodzi wa gulu atsogole kukalandira katundu tsidya linalo pamene wina watsalira kuwerenga zimene zikunyamuka. Wokonza ulendo ali ndi anyamata ake odziwika pamlathopo, n'chifukwa chake katundu sasokonekera, koma akanachita bwino kuwachenjeza anthu za kulemera kwa katundu asanafike kumsika, osati atagula kale.

Njira ina yodzera pa pantoni ya pa Shire kulowera ku Morrumbala iliko, koma pantoniyo siyodalirika, ndipo anachita bwino kuisiya.

Kuchoka ku Sena kufika ku Caia ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo gulu limagona pamenepo. M'mawa mumawolokanso Zambezi pa mlatho wa Armando Emílio Guebuza, umene unatsegulidwa mu 2009, kenako mumatsata msewu waukulu wa EN1 mpaka pa Nicoadala, pamene mumakhotera ku Quelimane. Kuchokera ku Caia ndi makilomita pafupifupi 200. Galimoto ya gawo limeneli inali yabwino, munthu aliyense pampando wake, osati kupanikizana kwa m'minibasi wamba za kumeneko, zimene amazitcha chapa.

Ambiri amaganiza kuti akangofika mumzindamo aona nyanja. Ayi. Quelimane ili m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, ndipo gombe la Zalala lili makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda. Mzindawo ndi wachidikha, wodzaza ndi njinga za kabaza, moti munthu wa ku Nsanje sasowa poyambira. Chisena chimathandiza mpaka ku Caia, koma kuno anthu amalankhula Chichuabo ndi Chipwitikizi, choncho wotsogolera amafunika kwambiri pokambirana mitengo. Vuto n'lakuti ndi mmodzi yekha pa gulu lonse. Njira yachidule ndi kumupatsa wogulitsa foni kuti alembe mtengo pa kakyuleta, inu n'kulemba wanu pansi pake.

Tsopano za masiku. Gulu limanyamuka Lachinayi, kufika Lachisanu masana, kupita kunyanja madzulo omwewo, kenako Loweruka ndiye logula. Apa m'pamene nyenyezi ina yagwera. Masitolo ambiri akuluakulu amatseka masana kuti anthu akadye, Loweruka ambiri akatseka masanawo satsegulanso, ndipo Lamulungu n'kotseka. Ndiye kuti wa geni amakhala ndi m'mawa umodzi wokha woti ayendere masitolo, afananize mitengo, agule, amange. Munthu wothamanga amagula pa sitolo yoyamba. Akanasuntha ulendo kuti unyamuke Lolemba, anthu akanazungulira Lachiwiri madzulo kufunsa mitengo opanda kutulutsa ndalama, n'kugula Lachitatu mtima uli m'malo.

Katundu wopindulitsa panjira iyi ndi wopepuka. Zitenje za kumeneko, zimene amazitcha capulana, ndiye zoyamba. Musakhulupirire kuwala kwa nsalu, chifukwa zina amaziumitsa ndi sitachi kuti zioneke zolimba. Fikisani kakona pakati pa zala. Ngati pakutuluka ufa woyera ndipo nsaluyo yafewa n'kuyamba kuonekera, imeneyo ikachapidwa kamodzi yatha. Nyowetsani kansalu koyera n'kupukuta pamene pali mtundu wofiira kapena wabuluu kuti muone ngati ikusuluka. Tengani tepi yanu yoyezera, popeza kutalika kwa zidutswa kumasiyana, ndipo kasitomala wa pa Bangula amene anazolowera mamita awiri sadzakumverani chidutswa chikaperewera. Kokonati ndi wotchipa chifukwa dera lonselo ndi la mitengo yake. Mugwedezeni pafupi ndi khutu, amveke madzi ambiri, ndipo timaso take titatu tikhale touma, topanda nkhungu. Wong'aluka ngakhale pang'ono amawola asanafike pa Marka. Nsomba zouma ndi maprawn ouma, amene amawatcha camarão, muziike m'thumba lopita mpweya, osati m'pulasitiki, chifukwa kutentha kwa m'galimoto kumazitulutsa chinyezi n'kuyamba kununkha. Zaziwisi idyerani konko.

Lisiti iliyonse sungani, ndipo kumsika kumene sapereka lisiti lembani m'kope chimene mwagula, kuchuluka kwake ndi mtengo. A bungwe lotolera msonkho la MRA pa Marka amawerengera msonkho pa zimenezo. Musananyamuke, dzafunseni pachipata pomwepo za katundu amene akufuna chilolezo, makamaka zakudya monga mpunga ndi nsomba, chifukwa malamulo ake amasintha.

Ku Zalala n'kokongola m'njira yakeyake. Gombelo ndi lalitali, lathyathyathya, mchenga wake woderako, kumtunda kuli mitengo yopereka mthunzi. Madzi ake si obiriwira ngati a pazithunzi, amaoneka ngati Shire nthawi ya dzinja, chifukwa mitsinje ikuluikulu imathira matope ake m'mbali imeneyi. Chimene wokonza ulendo sanachiganizire n'chakuti nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Pakati pa kudzaza ndi kuphwa pamadutsa maola ngati asanu ndi limodzi. Mukafika madzi ataphwa, mumayenda mtunda wautali pamchenga wonyowa musanapeze posambira, ndipo maola awiri amene gulu limapatsidwa amathera m'njira. Nthawi ya mwezi wathunthu ndi ya mwezi watsopano madzi amapita kutali kwambiri, n'kubwereranso mwamphamvu. Nsapato ndi zikwama zosiyidwa pamchenga wonyowa zimatengedwa. Ikani katundu kumtunda kwa mzere wa zinyalala umene madzi anasiya, ndipo funsani asodzi nthawi imene madzi akubwera. Amadziwa bwino.

Abale athu odziwa kusambira mumtsinje asadzidalire. Pena madzi obwerera amapanga mkokomo wokokera munthu pakati, ndipo wolimbana nawo molunjika amatopa msanga. Zikatero sambirani mopingasa, motsata gombe, mpaka mutuluke mumkokomowo. Pagombepo musayembekezere kupeza wopulumutsa anthu. Ana asapitirire madzi a m'mawondo, ndipo wamkulu akhale nawo pafupi. Tengani botolo la malita awiri la madzi abwino lotsukira mchere m'maso ndi m'thupi, ndipo foni ikhale m'kathumba kotseka, chifukwa mchere umadyetsa dzimbiri polowetsera chaja. Chakudya chake ndiye sitingachinyoze. Nkhuku yootcha yothira mkaka wa kokonati, imene dera la Zambézia limatchuka nayo, ndi yoti munthu asabwerere asanailawe.

Malo ogona anali aukhondo, madzi analipo, koma maneti ena anali obooka, ndipo udzudzu wa ku Quelimane ndi wochuluka. Nyamulani neti yanu ndi chingwe chomangira.

Pitani pakati pa Meyi ndi Okutobala. M'dzinja msewu wa Vila Nova mpaka Mutarara umavuta, komanso ndi nyengo ya anamondwe. Freddy, amene anatisautsa kuno mu Malichi 2023, anatulukira pamtunda pafupi ndi Quelimane pomwepo. Musanapereke ndalama, mufunseni wokonza ulendoyo tsiku limene mudzagule katundu, nthawi imene madzi adzadzaze pa Zalala tsiku lanu la kunyanja, ndi mtengo wa njinga imodzi pa Dona Ana. Akavomera kunyamuka Lolemba, a geni ya zitenje lembetsani.