Kuwongola polarization pa linki ya laser: magalasi a mota, DSP, kapena kungoisiya?

Fakitale ili tsidya lino, ofesi ili tsidya lina, pakati pali chigwa ndi munda wa tiyi. Ndi mmene malo ambiri alili kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje. Kukumba ngalande ya faiba kumadya ndalama, ndiye anzathu ena ayamba kufunsa za mabokosi awiri oyang'anizana pa nsanja, otumizirana intaneti ndi kuwala kwa laser. Chimodzi mwa zimene zimasiyanitsa makinawa ndi mmene amachitira ndi polarization, kutanthauza mbali imene mafunde a kuwala amagwedezekera, ndipo apa munthu akhoza kulipira chinthu chimene sachifuna n'komwe.

Amene munakwerapo padenga kukaika dishi ya DStv mukudziwa kale nkhaniyi. Dishi ikaloza bwino, mumamasula kasikuluwu n'kupotola LNB pang'onopang'ono, mnzanu ali pansi akukuwa manambala a siginolo. Mumatero chifukwa mafunde ena amagwedezeka choimirira, ena chopingasa. Kuwala nakonso n'chimodzimodzi. Makina othamanga kwambiri amatumiza data ina pa choimirira, ina pa chopingasa, liwiro n'kuwirikiza kawiri. Koma zikapotoka ndi madigiri 10, pafupifupi magawo 3 pa 100 a mphamvu amadumphira mbali inayo. Zikafika madigiri 45 ndi theka lathunthu, ndipo mauthenga awiriwo asakanikirana.

Ambiri amaganiza kuti wopotoza ndi mpweya. Mpweya umachititsa kuwala kuphethira ndi kuyendayenda, makamaka pamwamba pa malata otentha mu Okutobala, koma polarization suikhudza kwenikweni. Opotoza ali m'bokosi momwemo: magalasi obweza kuwala, kachingwe ka faiba kamene kamasintha khalidwe dzuwa likakawotcha kapena kakapindika, ndi nsanja ikapendekeka.

Njira yoyamba yothana ndi kupotokaku ndi magalasi ozungulira otchedwa waveplate. Atatu atandandalikidwa, quarter, half ndi quarter, amatha kubweza polarization iliyonse pamene mukuifuna. Makina amayeza kuwala kumene kwafika, mota n'kuzunguza magalasiwo mpaka zitalunjika. Ubwino wake, kuwala kumawongoledwa kusanawerengedwe. N'chifukwa chake njirayi ndi imene imagwira ntchito potumiza makiyi achinsinsi ndi tizidutswa ta kuwala kamodzikamodzi, monga anachitira a ku China ndi setilaiti ya Micius imene anaiulutsa mu 2016. Setilaiti ikamadutsa imatembenuka poyerekeza ndi siteshoni ya pansi, ndiye magalasi amayenera kuitsatira. Koma mota imachedwa, imatha, ndipo chinyezi cha kuno sichimvera chisoni chitsulo chilichonse choyenda. Komanso kuwala kukazimirira kwa kanthawi, makina amayamba afufuzanso pamene anasiyira. Kwa ife olumikiza ofesi ndi fakitale, sindikuona chifukwa choigulira.

Njira yachiwiri ndi DSP (digital signal processing), kutanthauza kukonza siginolo ndi masamu. Apa simuwongola kuwala ayi. Mumakulandira kuli kosakanikirana, n'kukusandutsa manambala, kachipangizo ka m'kati n'kulekanitsa mauthenga awiriwo ndi masamu. Masamu otchuka pa ntchitoyi ndi a constant modulus, ochokera ku ntchito ya Dominique Godard ya mu 1980, ndipo faiba ya ma gigabit 100 imene imanyamula intaneti pakati pa mayiko imadalira nzeru yomweyi. Palibe choyenda, ndipo imatsatira kusintha mwachangu kuposa mota iliyonse. Ine njirayi ndimailemekeza kwambiri.

Mtengo wake uli pena. Cholandirira chake chimafuna laser yakeyake yosakaniza ndi kuwala kobwerako, ndipo kawirikawiri kuwalako kumayenera kulowetsedwa m'faiba imene mtima wake ndi ma micrometre 9 okha, kuchepa kuposa tsitsi. Tangoganizani kulozetsa kuwala kochokera kilomita yathunthu pa kabowo kotero, mphepo ikukankha nsanja. Pamafunika timagalasi tina totsatira kuwalako mosalekeza. Magetsi imadyanso ochulukirapo, ndipo amene mumayendetsa nsanja ndi sola mukudziwa kuti mabatire amavuta nyengo ya mitambo. Chikawonongeka, si chinthu chokatsegula ndi sikuludiraiva pa Luchenza.

Njira yachitatu ndiyo kulizemba vutolo. Makina osavuta amangoyatsa ndi kuzimitsa laser, nthawi zambiri ya mafunde otalika ma nanometre 850 kapena 1550, ndipo cholandirira chimangoona ngati kuwala kulipo kapena kulibe. Kupotoke kusapotoke, chimawerenga chimodzimodzi. Liwiro la gigabit imodzi limatheka bwinobwino motere, ndipo ofesi ya sikelo, ya malipiro ndi makamera a pageti sizingalimalize. Opanga ena amagwiritsa ntchito polarization yozungulira, imene siisokonezeka bokosi likapendekera kumanja kapena kumanzere, ngakhale siithetsa zopotoka za m'faiba.

Tsopano nali vuto limene njira zitatu zonsezi sizilikhudza. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chiperoni chikatsika kuchokera cha ku Mozambique, mumadziwa mmene chimakhalira: mwaima pakhomo la fakitale, mizere ya tiyi yoyandikira mukuiona, mtengo wa tsidya wasowa, jekete yanyowa popanda mvula yeniyeni. Timadontho ta nkhungu n'tating'ono mofanana ndi utali wa mafunde a laser, choncho timamwaza kuwalako paliponse. Nkhungu yochindikala imatha kudya ma dB (muyeso wa kufooka kwa siginolo) opitirira 100 pa kilomita, kutanthauza kuti pafupifupi kuwala konse kumathera m'njira. Pamenepo DSP ilibe choti iwerengere, magalasi alibe choti awongole. A Taara, opanga makina otumiza intaneti ndi laser, analumikiza Brazzaville ndi Kinshasa kudutsa mtsinje wa Congo mu 2021, mtunda wa makilomita 4.8, n'kutumiza ma terabyte pafupifupi 700 m'masiku 20, koma iwo omwe anavomereza kuti malo a nkhungu ngati San Francisco sayenerana ndi makina awo. M'mphepete mwa phiri la Mulanje nkhungu ndi mlendo wa chaka ndi chaka.

Choncho ndikanakhala inu, achimwene, ndikanagula laser yosavuta ija pa mtunda waufupi, mamita mazana ochepa, ndalama yotsalayo n'kuika wailesi pambali pake yoti izitenga katundu kuwala kukasowa. Ya 5 GHz nkhungu siilabadira. Za 60 ndi 80 GHz zimathamanga koma zimafooka mvula yamphamvu ikagwa, nthawi imene laser imapirira bwinoko. Musanapachike wailesiyo funsani a MACRA za chilolezo cha bandi imene mwasankha. DSP muiganizire pokhapokha mukufunadi ma gigabit makumi angapo, ndipo ngati mwafika pamenepo yambani mwawerengetsanso mtengo wa ngalande ya faiba.